Alitaneta Yapashelefu

Kiyi atamupotokola kachitatu, galimoto inangoti khethe, n'kukhala chete. Atelala anasiya kiyiyo pomwepo, manja n'kuwaika pamiyendo.

"Batire yatha iyi, bambo," anatero mwana wawo wamwamuna, ataima pawindo. "Komanso n'kuvutikiranji? Wogula ndamupeza kale, akuti aitenga momwe ililimu."

Panali patapita masiku asanu chiikireni maliro. Achibale onse anali atabalalika, ndipo mipando yobwereka inali itabwezedwa. Wotsala anali mwanayu, yemwenso chikwama chake chinali kale m'galimoto yake. Kuyambira m'mawa nkhani yake inali imodzi: galaja itsekedwe, galimoto igulitsidwe, bambo akakhale kwa iye.

Galajayo inali ya malemu mayi ake. Kwa zaka makumi atatu ankakonza zamagetsi a galimoto m'kashedi ka kuseri kwa nyumba, pamene amuna awo ankasoka pakhonde lakumaso. Madalaivala ankangowatchula kuti Amagetsi. Atelala sanagwirepo sipanala. Chawo chinali kubweretsa tiyi m'shedimo, kukhala pampando wakale wa minibasi n'kumamvera akazi awo akukangana ndi makasitomala.

"Mayi ako sankaiweruza batire asanaiyeze," anatero Atelala akutuluka m'galimotomo. "Tabweretsa mawaya, tilize ndi yakoyo."

"Bambo, ulendo wanga ndi wautali."

"Ndikudziwa. Bweretsa mawayawo."

Mwanayo anapumira m'mwamba, komabe anasendeza galimoto yake. Atelala analowa m'shedi n'kutenga mita yachikasu yoyezera magetsi pamsomali. Inali yonona ndi girisi, ndipo m'mbali mwake munali mutaperepeseka pomwe pankagwira chala chachikulu cha mwini wake. Anaima nayo kanthawi asanatuluke.

Injini italira, anachotsa mawaya aja. Atelala anagunditsa waya wofiira wa mita kumutu wina wa batire, wakuda kumutu winawo, monga ankaonera.

"Manja anga agwira uku. Werenga, ikuti bwanji?"

"12.1."

"Ponda mafuta pang'ono, uyatsenso nyali."

Mwanayo anachita zomwezo, n'kubwera kudzasuzumira. "Yatsika. 11.9."

"Ndiye batire ilibe mlandu," anatero Atelala, ndipo anadabwa kumva mawu a akazi awo akutuluka pakamwa pawo. "Injini ikazima, batire yokhuta imaonetsa 12.6. Ikamalira, alitaneta ndi imene imaitchaja, mita izionetsa cha m'ma 14. Apa batire ikungopereka yokha, palibe choibwezera. Ungagule yatsopano lero, mawa ikugonanso."

Anazimitsa injini n'kudina lamba wa alitaneta ndi chala. Anali wolimba bwinobwino.

"Chabwino, ndi alitaneta," anatero mwanayo motsitsa mawu. "Nanga akonze ndani? Inuyo? Bambo, mukadwala usiku muno muitana ndani? Anthu aziti ine ndinakutayani."

"Anthu adzatopa okha. Chipinda ukunena chija ana ako akugonamo atatu. Makina anga ndikawaika pati?"

"Makinawo mungasiye, mwagwira ntchito mokwanira."

"Ndiye ndizikachita chiyani, kuwerenga matabwa a kudenga?"

Mwanayo anayang'ana shedi, kenako wotchi yake. Maso ake anali ofiira ngati a tsiku la maliro. Anati adzabweranso mwezi ukatha kuti adzakambirane bwino, anawagwira bambo ake dzanja ndi manja awiri, n'kunyamuka.

Geti litatsekedwa, pabwalo panakula. Atelala anaika madzi pamoto, ndipo anazindikira atatulutsa kale makapu awiri. Imodzi anaibwezera. Anayesa kukhala pamakina, koma kuseri kunalibe phokoso la nyundo kapena wailesi, ndipo msoko unkapita mokhota. Panja panaima lole, dalaivala anasuzumira pageti, ataona shedi ili zii anavula chipewa n'kupitirira.

Dzuwa litapendeka anakabweza mita ija pamsomali. Pashelefu panali maalitaneta asanu okonzedwa kale, iliyonse ndi kapepala kake komangirira: ya aphunzitsi, ya wa buledi, ya abusa. Anaganiza zoti eni ake ayenera kuuzidwa adzatenge. Kumapeto kwa shelefu kunali ina yokulungidwa m'chigamba cha suti imene iwo anasoka chaka chatha. Sipanala ziwiri zinali zomangiriridwa pamwamba pake ndi waya.

Zilembo za pakapepala kake zinali zonjenjemera, za masabata omaliza aja, pamene mayiwo ankati akupita kushedi kukangowothera dzuwa.

"Yathu. Inayo yatsala pang'ono kufa. Yambani mwamasula waya wakuda pa batire. Mabawuti ndi awiri, lalikulu lili pansi. Mukamanga muyeze, ikapanda kufika 13.8 lamba walefuka. Musagwire mutavala malaya oyera."

Atelala anawerenga kawiri. Anadziyang'ana pachifuwa, pamalaya awo oyera, n'kuseka pang'ono. Kenako anamasula mabatani limodzilimodzi, malayawo n'kuwapachika pachitseko. Ovolosi ya akazi awo inawalekeza m'zigongono, koma anaivala choncho, ananyamula alitaneta ija ndi manja awiri n'kupita nayo kugalimoto.