Khutu pa Thumba la Chimanga

Zakia atamaliza ku yunivesite anabwerera kwawo ku Makanjira ndi chitini cha ufa woyera. Anali mafuta a mpungabwi otsekeredwa m'timakoko ta chinangwa, tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, kuti mphamvu yake izituluka pang'onopang'ono. Bambo ake, a Sumani, anavundukula n'kununkhiza.

"Zaka zonse zija kusukulu, che Zakia, mwatibweretsera kondowole?"

"Ndi mankhwala a anankafumbwe, ababa."

"Mankhwala osanunkha? Mpungabwi timaudziwa ife. Umayetsemulitsa."

Chimanga cha chaka chimenecho chinali cha sadaka ya malemu mayi ake a Zakia, ndipo abale a ku Chiponde ndi ku Nkhudzi anali atauzidwa kale. Chikanafumbwa, a Sumani akanasowa poyika nkhope pamaso pa akuchikazi. Choncho anachita zomwe ankazikhulupirira. Anasinja masamba a mpungabwi, kusakaniza ndi phulusa, n'kuthira m'matumba mpaka nyumba yonse inanunkha. Matumba a pakona anamusiyira Zakia, kuti asanyanyale. Iye anathira ufa wake, n'kusoka, osatsutsa.

Mvula isanagwe n'komwe, fungo lija linali litatha.

Sadaka itayandikira, a Sumani anagwada n'kugunditsa khutu pa thumba lawo loyamba, monga amachitira aliyense kumeneko. M'katimo munkamveka ngati mvula yowaza pa denga la udzu. Lachiwiri chimodzimodzi. Atalimasula, munatuluka fumbi. Anayamba akhala pansi.

Kenako anasendera pakona. Anamvetsera nthawi yaitali, n'kusintha khutu.

"Kaya ndagontha ine."

"Simunagonthe, ababa. Tapani mufikise m'manja."

Anatapa. Njere zinali zolimba, zopanda chiboo. Atazifikisa, mpungabwi unamveka ngati wothyola kumene.

Mlongo wa a Sumani, a Ajira, ankaonerera ali pakhomo. "Achimwene, si kondowole uja ameneyo?"

A Sumani anangotsokomola.

Matumba a pakonawo anadyetsa mlendo aliyense, mpaka ena anamangirako pa nsalu. Mashehe atatsiriza dua, a Sumani ankazungulira pakati pa anthu ndi njere m'thumba la mkanjo, aliyense n'kumufikisitsa. Zakia, akutsuka mbale kuseri, anawamva akufotokoza za timakoko tija. Analakwitsa pafupifupi zonse, kupatula mawu akuti "mwana wanga". Zakia sanawakonze.