Foda Yosamva ya Bambo Titus

Bambo Titus Anasi, mlembi wa kopaletivi ya alimi a mtedza ku Mkanda, anali munthu waulemu, koma wozengereza pa zinthu zofunika kulimba mtima. Kompyuta ya mu ofesi mwawo inayamba khalidwe lachilendo. Akangoiyatsa, foda ina inkatseguka yokha, ndipo pagalasi ponse pankadzaza zithunzi za Emmie, mtsikana amene ankafuna kumukwatira, mwana wa a Kefasi, tcheyamani wa kopaletiviyo.

Zithunzizo zinali zaulemu ndithu, za ku kwaya ndi za kumunda. Choipa chinali chakuti Titus anali asanakaonekere kwa amalume a mtsikanayo, monga mwambo ufunira. Tsono Lachisanu kunali msonkhano ndi ogula mtedza ochokera ku Chipata, ndipo kompyutayo inayenera kuyatsidwa pa pulojekita, a Kefasi ali pampando wakutsogolo.

Anaizimitsa ndi kuiyatsanso. Anachotsa batire. Anaipukuta ndi mpango. Emmie anabwerabe, akumwetulira. Kufufuta zithunzizo mtima unakana.

Potsiriza anaimanga pakaliyala ndi kupalasa njinga mpaka ku Boma, kwa mayi Luwiza, wokonza makompyuta pafupi ndi msika.

"Mayi, makinawa alowa kachilombo," anatero Titus.

Luwiza anayatsa, nayang'ana, naseka mpaka kugwira m'nthiti. "Kachilombo kovala yunifomu ya kwaya? Achimwene, musanamizire makina. Madzulo pozimitsa, chomaliza kuona n'chiyani?"

Titus anayang'ana kudenga.

"Ndadziwa. Onani apa." Analoza kabokosi kochongedwa m'malo osinthira kachitidwe ka mafoda. "Wina anachonga apa, ndiye kompyuta imabwezeretsa chilichonse chimene munasiya chotsegula. Inu mumazimitsa muli chipenyerere, osatseka. Iyo ikungomvera."

Anachotsa chongacho, nayang'ananso ngati fodayo inalowa m'gulu la zinthu zoyamba zokha, koma munalibe. Atayatsanso, galasi linaoneka loyera.

"Zatha. Koma mwana wa a Kefasi uyu, eti? Amalume ake ndi a Jobson a sitolo ya mbewu, kuseri kwa depoti. Njinga mwabwera nayo. Kapena mufuna nakonso ndikudinireni batani?"

Munthu akadzudzulidwa moona, ayenera kuchitapo kanthu tsiku lomwelo. Titus anapita kukatenga amalume a iye mwini, ndipo Lachinayi awiriwo anakagwada kwa a Jobson, atavala majekete ngakhale kunali kotentha.

Lachisanu pulojekita inaonetsa mitengo ya mtedza yokhayokha. Alendo atanyamuka, a Kefasi anaitana Titus pambali, nkhope ili gwaa.

"Alamu anga andiuza kuti munafika. Mwachita bwino. Ine ndinaona zithunzizo kale, tsiku lija munandisiya mu ofesi, ndipo ndinali kudikira kuti ndione ngati ndinu munthu." Anatsokomola pang'ono. "Chija cha kumunda chija mundisindikizire. Mayi ake a Emmie akuchifuna."