Kajekete ka Kapitawo

Nkhuku zonse za kuseri kwa nyumba ya atelala zinkalidziwa lamulo: Kapitawo adye kaye, enanu mudikire. Kapitawoyu linali thadzi lakuda lokalamba. Mazira anasiya kalekale, koma mlomo wake unali usanapume pantchito. Wozunzika kwambiri anali Wamasiye, kamsoti koyera kamene akazi awo a atelala anakalera okha kukhitchini. Kumsana kwake kunali dazi lokhalokha.

"Bambo, taonani zimene wachita mnzanu uja," anatero mayiwo tsiku lina. "Loweruka kukubwera alamu anu. Ndiwo ndaziona kale, ndi izo zikuyendayendazo."

 Atelala ankamukonda Kapitawo, osabisa. M'mawa uliwonse akamamwa tiyi pakhonde, iye ankabwera kudzakhala pansapato yawo, ndipo pakhomo ponsepo ndi yekhayo amene ankawamvetsera mpaka amalize kulankhula.

Atangomva mpeni ukunoledwa, anamulowetsa m'katoni, pamwamba n'kuphimba ndi zidutswa za nsalu, ulendo wa kushopu.

"Nkhuku ija ili kuti?" anafunsa mayi madzulo ake.

"Yapita kutchuthi."

"Chabwino. Tchuthi chimatha, bambo, koma mlandu suwola."

Alamu aja anadya nyemba.

Kushopu Kapitawo sanachedwe kudzikweza udindo. Ankakhala kunsi kwa makina osokera, n'kumajompha zala za kuphazi za atelala akamapalasa makinawo. Anameza kabatani. Anajompha mwendo wa mtsikana amene ankamuyeza diresi. Tsiku limene anasiya chizindikiro chake pathalauza ya suti yositasita kale, mwini wake ali pomwepo, atelala anadziwa kuti tchuthi chatha.

Anafika naye kunyumba mayi akuyanika zovala. Kapitawo anatuluka m'katoni, anadzikung'untha, n'kulunjika kumbale ya gaga monyang'wa ngati kale. Koma nkhuku sizisungirana mpando. Wamasiye, yemwe uja ankabisala kuseri kwa ndowa, anatukumula nthenga, anadumpha n'kumutera pamsana. Jomphu! Jomphu! Nthenga zakuda zinangoti mbwee. Zinzake nazo zinabwera, iliyonse kudzabweza chipongwe chake.

"Iwe mwana iwe!" anakuwa mayi, chovala chonyowa chili m'manja. "Ine ndinakulera choncho?"

Wamasiye sanacheuke n'komwe. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Posakhalitsa dazi linasamukira kwa Kapitawo. Ankadya zotsala, ndipo kuseri kwa ndowa kuja kunakhala kwake. Pakhonde anasiya kubwera, chifukwa njira yake inkadutsa pamaso pa bwana watsopano. Atelala zinawapweteka kwambiri. Anamupulumutsa kumpeni kuti azidzafa pang'onopang'ono chonchi?

"Mayi," anatero m'mawa wina, tiyi atazizira m'kapu, "mwina munkanena zoona. Tengani mpeni uja, kungoti ine ndisaone."

Mayi ananyamuka. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mpeni womwewo, wonoledwa bwino. Atelala anayang'ana kumbali. Kenako anamva kwee, kwee, koma kulira kwa nkhuku ayi. Pocheuka anaona mayi akudula mkono wa chikhothi chakale cha atelalawo, cha nsalu yokhuthala.

"Telala ndinu, si ine," anatero mayi powaponyera nsaluyo pamiyendo. "Kayezeni msanawo. Musiye mabowo a mapiko, ndipo musaike batani, ameza."

Atelala sanasokepo chovala mosamala chotero chiyambire ntchito yawo. Kapitawo atavala kajeketeko, Wamasiye anajompha, anajomphanso, n'kungochokapo ndi ulusi kukamwa. Anapukuta mlomo pansi, n'kupita kukavutitsa ena.

M'mawa mwake atelala anakhala pakhonde ndi tiyi, nsapato ataitambasula bwinobwino. Kapitawo anatulukira ali mu jekete, anadutsa bwalo lonse osajomphedwa, n'kukwera pakhonde. Anaiyang'ana nsapato ija, anailambalala, n'kukakhala pa silipasi ya mayi.

"Musadandaule, bambo," anatero mayi akuseka. "Yambani kulankhula, tikumvetsera tonse awiri."