Dzina limene Hagara anapatsa Mulungu

Amuna anga a Ellard, aphunzitsi, anawatenga m'kalasi choko chili m'manja. Galimoto inafika, anthu atatu anatsika, basi. Mlandu wake sindiudziwa mpaka lero.

Kuyambira tsiku limenelo ine Doris ndinasanduka wakhate pa Makanjira. Pachitsime amayi ankayang'ana kumbali. Wogulitsa usipa ankati watha, chonsecho uli mbwee pathandala. Zaka zimenezo kupereka moni kwa mkazi wa womangidwa kunali kudziitanira galimoto yomweyo. Ndinkawamvetsa, komabe zinkandiwawa, ndipo ndinkawatukwana chamumtima. Ndinamanga katundu kuti Loweruka ndikwere lole yobwerera kwathu ku Dedza, ngakhale ndinkadziwa kuti amuna anga akadzatuluka adzapeza nyumba yopanda munthu.

Lachinayi ndinapita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, kukangopemphera komaliza. Ndinakhala kumbuyo, benchi yonse ndekhandekha.

Ankaphunzitsa tsikulo anali mayi Marita, mkazi wa msodzi, mano atatu okha m'kamwa, sukulu analekezera Sitandade 2. Koma abale inu, mutu umenewo! Mayina a Mulungu a m'Chihebri, amene anawamva kwa wansembe ali mtsikana, ankawatchula ngati mayina a ana awo.

"Elohimu, Mulungu Mlengi," anatero. "Eli Shadai, Wamphamvuyonse. Yehova Yire, Yehova adzapereka. Amenewa timawamva m'nkhani za a Abrahamu ndi akuluakulu anzawo. Koma lilipo lina, analitchula mkazi. Anali ndani?"

Anadziyankha okha.

"Hagara. Wantchito, mlendo, wothawira kuchipululu ali ndi pakati, popanda womufunsa kuti wadzuka bwanji. Iyeyo anati Eli Royi, Mulungu wondiona ine."

Anatseka Baibulo. "Tsono ngati Mwiniwake akumuona munthu, ine Marita ndine yani kuti nditsinzine?"

Tonse tinkadziwa kuti pakati pathu pomwepo panali okanena anzawo. Mayi Marita ankadziwanso. Anayenda ndithu pang'onopang'ono, akukoka mwendo wawo wodwala, mpaka kumbuyo, nakhala pambali panga phewa kugundana ndi phewa.

"Mwaswera bwanji, mayi a kwa aphunzitsi?" anandifunsa mokweza, kuti aliyense amve.

Ndinalira ngati mwana, mamina ndi misozi, iwo akundisisita pamsana ndi dzanja lawo lokhakhala. Munthu wolimba mtima chotero sindinamuonenso.

Katundu ndinamasula madzulo omwewo. A Ellard atatuluka patapita zaka zitatu, ataonda ngati bango, anandipeza pakhomo pomwepo.