Tulo ta Nicolau

"Munenetu zonse, osabisa," anatero Bertina, akumugunda mwamuna wake ndi chigongono pabenchi ya kuchipatala.

Nicolau anangoyang'ana chipewa chake. Anali atachoka ku Tsangano pa kabasi ka chapa, kusiya kachewere wosakumba, chifukwa chotupa cha m'munsi mwa mimba chinali chitabukanso, ulendo uno kumanja. Mawa lake anali woti achitidwe opaleshoni yachiwiri.

Yoyamba ija, chaka chatha, bala linapola bwinobwino. Chimene chinathawa ndi tulo. Ankati akangotseka maso n'kudzambatuka thukuta lili kamukamu, akuitana Eluby, mwana wawo woyamba, amene anamuika m'thengo pothawa nkhondo kupita ku Malawi. Masana ankasinza chiimirire, khasu lili m'manja. Anawonda mpaka kuboola lamba kawiri. Bertina anachita mantha, anaitana a mpingo kudzapemphera, koma kwa adokotala sananene kanthu. Kwathu kuno munthu sapita ndi maloto kuchipatala.

Anawaitanira m'kachipinda ka Felicidade, mayi amene ntchito yake ndi kugonetsa odwala asanawang'ambe.

"Papá, itatha yoyamba ija munkagona bwanji?" anafunsa Felicidade.

"Bwino ndithu."

"Bodza," anatero Bertina, ndipo anakhuthula zonse.

Felicidade anamvetsera mpaka kumapeto. "Mukanatiuza kale, mamã. Nthawi ija zinali zadzidzidzi, tinawagonetseratu. Mankhwala amenewo anthu ena amawalotetsa zoopsa, tulo n'kusokonekera. Koma alipo jakisoni wa pamsana. Mumachita dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, muli maso. Ambiri akatero amagonako bwino."

Bertina anapumira m'mwamba. Chaka chathunthu akuganiza zoti m'nyumba mwawo mwalowa chinthu, chikhalirecho nkhani yake ndi ya m'botolo la mankhwala.

"Ine ndikufuna akale omwewo," anatero Nicolau.

"Inu, mwaiwala mmene munaumira? Mbuzi zinkakudutsani osakuzindikirani."

"Eluby ndinamuona, Bertina." Mawu ake anali otsika. "Zaka zonsezi nkhope yake inanditayika, ndipo chithunzi tilibe. Mankhwala aja anandibwezera. Ngakhale kamkanda kofiira kaja kanali m'khosi."

Zinamubaya mumtima Bertina. Nayenso nkhopeyo inali itamuzimirira kalekale, ndipo kunena zoona anachitako kansanje kuti mnzake waiona. Anapotokola nsonga ya chitenje chake cha kapulana.

"Ankaseka?" anafunsa.

"Ayi. Ankalira, ine ndikulephera kumunyamula."

"Ndiye mukufuna mukamulizenso?"

Nicolau anatembenuza chipewa chija kawiri katatu. Felicidade sanawafulumizitse, ngakhale panja panali mzere wofika pakhonde.

"Wa pamsanayo, doutora, amapweteka?"

"Pang'ono, ngati munga."

"Pronto, chabwino. Lembani ameneyo," anatero Nicolau.

Opaleshoni inayenda bwino. Nicolau anaimva yonse, ndipo potuluka anadandaula kuti madokotala amacheza za mpira munthu ali chotsegula pamimba.

Kutacha, dzuwa linalowa m'wodi n'kumupeza akuliza mkonono. Phala limene Bertina anabwera nalo linazizira, iye osafuna kumudzutsa. Anangokhala pambali akuingitsa ntchentche.

Atatsegula maso, Nicolau anayang'ana kudenga nthawi yaitali. Nkhope inali ya munthu wopuma, koma m'maso munali misozi.

"Sanabwere," anatero.

Bertina anamukonzera bulangete kumapazi.

"Musiyeni," anatero. "Nayenso wagona."