Mchere pa Chipumi cha Jestina

"Ndani wachotsa mchere wa mwana pawindo apa?"

Veronika anafunsa ataima pakhomo, mbale ya phala ili m'manja. Apongozi ake, a Magadalena, anapitiriza kusankha nyemba zambewu m'lichero. Mwamuna wake Benedict anawerama panjinga n'kumasinikiza tayala limene anali atapopa kale. A Alufeo, malume ake a Veronika, amene anaitanitsidwa m'mawawo kuchokera ku Chongoni, anangoyang'ana utsi wa osaka mbewa umene unali utaphimba phiri.

M'nyumba mwanayo, Jestina, anayamba kutsokomola. Veronika ankachidziwa chifuwa chimenecho kuposa nyimbo za kutchalitchi. Chinkayambira pansi, ngati thumba lokokedwa pamiyala, kenako n'kukana kutha. N'chomwecho chimene chinatenga Ufulu, mwana wake woyamba, ndipo chichokereni kumanda kuja palibe pamudzipo anamuitananso kuti make Ufulu.

Analowa, n'kumugoneka mwanayo chafufumimba pamiyendo, n'kumamuomba pamsana ndi chikhatho chopinda monga anamuphunzitsira anamwino. Makhololo atatuluka, anamupsompsona pachipumi. Mchere unamutsalira pamilomo. Mwanayu ankadya ngati waganyu, koma manja ake anali ngati mapesi.

Miyezi ingapo m'mbuyomo, ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, magazi atabwerako kumene anawatumiza, dokotala wina wamkazi anawakhazika pabenchi onse awiri, iye ndi Benedict. Dzina la matendawo linali lalitali, sisitiki faibulosisi, koma nkhani yake inali yaifupi. Mwana amalandira malangizo a thupi lake awiriawiri, ena kwa mayi, ena kwa bambo. Pali kalangizo kena kamene kamayendetsa mchere ndi madzi m'thupi. Mwa Veronika kamodzi kanabadwa kolakwika, kanzake kabwino, n'chifukwa chake iye sadwala. Mwa Benedict chimodzimodzi. Jestina anatenga kolakwika uku ndi uku. Ndiye makhololo ake amalimba ngati ulimbo, chakudya chimangodutsa m'mimba, mchere umathawira m'thukuta.

"Mbali imodzi payokha siibweretsa matendawa," anatero dokotalayo. "Ndipo mimba iliyonse ikhoza kuteronso. Muzimuthirira kamchere m'phala, makamaka kukatentha."

"Ndiye kuti ndi ife tonse awiri?" Benedict anafunsa tsikulo.

"Nonse awiri, ndipo palibe wolakwa."

Potsika minibasi pa Linthipe, Benedict anati, "Amayi ndiwauza ndekha, pang'onopang'ono." Chimanga chinacha, anakolola, anatonola. Tsopano kunali Okutobala, ndipo pang'onopang'ono ujayo anali asanayambe.

Veronika anatuluka mwana ali m'manja. Anapeza mphasa itayalidwa kale pansi pa mtengo wa mapichesi.

"A Alufeo, takuitanani chifukwa mwana wanu akutithera mbumba," a Magadalena anayamba, lichero lili pamiyendo. "Ine sukulu sindinapite, koma lilime ndili nalo. Mdzukulu wangayu ndamunyambita. Mchere ukumutuluka m'thupi. Umenewu ndi mdulo, mukuudziwa. Mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzathira mchere m'chakudya, amadula a m'nyumba mwake. Za Ufulu tinakhala chete. Lero atchule dzina la mwamunayo kuti mankhwala agwire. Mcherewo ndachotsa ndine, ndipo Veronika saugwiranso."

"Mcherewo ndiye mankhwala ake, Amayi."

"Mwamva? Nyumba ikupsa, iye akuti bweretsani parafini."

Veronika anatembenukira kwa mwamuna wake. "Bambo a Jestina, auzeni zimene anatiuza adokotala."

Benedict anali munthu wa mawu. Pa Linthipe akafuula mtengo wa kabichi, minibasi zinkaima zokha. M'kwaya ya ku Kasina ankamuika kumbuyo kuti ena amvekeko. Tsopano anakanda m'khosi n'kuyang'ana zala za kumapazi.

"Adokotala ananena zambiri. Chizungu chinachuluka."

"Analankhula Chichewa. Munafunsa funso inu, anakuyankhani."

"Vero, tiyeni tizipita nazo bwinobwino."

"Bwinobwino wake uti? Mwana adye phala lopanda mchere ndi dzuwa limeneli? Mumaona akuuchotsa, inu muli pheee ngati chithunzi cha Yosefe Woyera!"

"Aka!" a Magadalena anaomba m'manja. "Akufuna kunena kuti mwana wanga ali ndi magazi oola? Mtundu wathu ulibe zimenezo. Ndabereka ana asanu ndi awiri ine, onse akugwira khasu."

"Munabereka asanu ndi anayi, Amayi."

Nyemba zinasiya kulira m'lichero. Veronika ankatidziwa timitumbira tiwiri ta kumapeto kwa manda, timene gogoyo ankakapalira yekha tsiku la miyoyo ya akufa lisanafike. Ankaganiza kuti alalatiridwa. Koma a Magadalena anayankha ndi mawu otsika.

"Eya, asanu ndi anayi. Awiriwo ankatsokomola chonchi. Anandikhazika pamphasa ngati iwe lero. Ndinatchula dzina la wogulitsa nsalu wina amene ngakhale nkhope yake sindinaionetsetse. Anapika mankhwala, nkhani inatha, banja linakhala. Kodi ndinafa? Iwe ndiwe ndani kuti pakamwa pako pasade?"

"Nanga anawo anachira?"

A Magadalena anatola nyemba imodzi yofumbwa n'kuiponyera nkhuku.

A Alufeo anasendera pafupi ndi Veronika, n'kunong'ona. "Mwana wa mlongo wanga, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Awa ndi apongozi ako. Tchula aliyense, ngakhale amene anapita ku Joni osabwerako. Apo ayi, longedza tizipita limodzi dzuwa lisanapendeke. Ng'ombe zawo za malowolo tiona mobwezera."

Veronika anawayang'ana malume akewo. Mkuluyo anali atayenda mtunda wonsewo wapansi, atavala jekete la ku Misa, kudzamupempha kuti adzinamizire uhule mwaulemu.

Jestina sanali kutsokomolanso. Mutu unali utagwera paphewa la mayi ake, milomo itauma, tsitsi la pachipumi litayera ndi timibulu ta mchere. Dzuwa linali litafika paliwombo, ndipo masamba a mapichesi sankatchinga kanthu.

Veronika anaimirira. Anadutsa bwalo n'kukalowa m'nyumba ya apongozi ake osanena odi, chinthu chimene sanachitepo chikwatiwireni. Anadziwa pofikira: pamwamba pa khoma, kuseri kwa chithunzi cha ubatizo, pamene gogoyo ankabisa shuga. Anabwera ndi kabotolo ka mchere, anakhala pamphasa pamaso pa onse, anatsina mchere n'kuthira m'phala. Anatakasa mosafulumira. Mwanayo anakana supuni yoyamba. Yachiwiri anameza.

"Benedict!" a Magadalena anakuwa. "Akumupha ukuona!"

Benedict anaimirira, anayenda pang'ono, n'kuima pakati pa akazi awiriwo. Veronika anamuyang'ana m'maso supuni ili m'malere. Sankafuna zambiri. Mawu atatu okha akanakwana, omwe aja anawanena yekha pabenchi ku Lilongwe: ife tonse awiri. Anaona milomo yake ikutseguka.

"Vero," anatero Benedict, "mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Musawachititse manyazi Amayi pamaso pa alendo. Tikambirana m'nyumba."

Veronika anamaliza kudyetsa mwanayo mpaka mbale inayera. Anamupukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, anamubereka kumbuyo n'kumanga mfundo pachifuwa. Mkwiyo umene unkamuotcha m'mawa wonse unali utazizira, n'kulimba ngati dothi la m'munda wosagwa mvula.

"Malume, zikomo pobwera. Mubwerera nokha, ine pano sindichoka. Dzina la munthu sinditchula." Kenako anagwada pang'ono kwa apongozi ake, monga mkamwana wolangidwa bwino. "Amayi, mwana wanuyu, bambo a Jestina, mumuyalire mphasa kwanu. Kuyambira lero azigona kumeneko."

"Chifukwa chiyani?" anafunsa Benedict.

Veronika anatola mbale n'kulunjika kumjigo, mwana akupuma mokoka pamsana pake.