Chikwama Changa m'Manja mwa Bambo Sodhi

"Amayi, aimirira. Akutuluka!" Ketaki anandifinya dzanja mpaka chibangili chinandiluma.

Magetsi anali atangoyaka, filimu itafika pakati pomwe anthu amapumira n'kukagula samusa. Kutsogolo kwathu Bambo Sodhi ankapukuta magalasi awo, nkhope ili ngati ya munthu amene wapatsidwa tiyi wozizira.

Ketaki ndi mwana wanga. Zaka zambiri wakhala akusewera m'mafilimu kuno ku Mumbai ngati mlongo wa mwini nkhani, uja amalowa ndi mbale n'kutuluka. Iyi inali filimu yoyamba imene nkhani inali pa iyeyo. Apongozi ake ku Nashik anali atanena kale kuti ikapanda kumubweretsera ntchito ina, abwerere azikagulitsa nsalu m'sitolo ya banja. Bambo Sodhi, otsogolera mafilimu, ankafuna mkazi wa filimu yawo yatsopano, ndipo anabwera pa chionetsero choyamba cha Lachisanu m'mawa kudzamuona. Khalidwe lawo aliyense amalidziwa: filimu ikawatopetsa, pa nthawi yopuma amapita osabwereranso.

Ndipo ndani akanawadzudzula? Nkhani yake ndi ya mkazi wa msodzi, mwamuna wake anasowa panyanja, iye n'kukana kuswa zibangili monga amachitira akazi amasiye. Koma mwini filimu anathiramo atsikana ovina pamvula, ndi malume wanthabwala amene amangogwera m'dengu la nsomba. Ketaki ankaoneka apa ndi apo ngati mlendo. Ntchito yake yeniyeni inali m'chigawo chachiwiri.

"Ndikawagwadire?" anandifunsa, atafunda mpango kuti anthu asamuzindikire.

"Khala pansi. Pukuta mphuno."

Ndinawapeza asanafike pakhomo.

"Mwananga, tandigwirira chikwamachi. Ndikupita kuchimbudzi, pansi pake ndi madzi okhaokha."

"Amayi, ine ndimati ndizi..."

"Muli mankhwala anga a mtima. Usapatse munthu. Khala pamene unalipo, ndikupeza."

Ndinachisiya pachifuwa pawo n'kunyamuka. Kuno munthu woleredwa bwino sataya katundu wa nkhalamba imene yamutcha mwana. Koma kodi Bambo Sodhi analeredwa bwino? Zimenezo sindinkazidziwa.

Belu linalira, akazi onse anatuluka m'chimbudzimo, ndinatsala ndi mayi wokolopa.

"Agogo, filimu yayamba. M'mimba muli nkhondo?"

"Samusa zanu zomwezi."

"Ndiye mwapulumuka. Filimuyo ndi yoipa kuposa samusazo."

Sindinaseke. Ndinapita kukaima kumbuyo kwa holo, kuseri kwa katani. Bambo aja analipo, chikwama chili pamiyendo. Ndiye chigawo chachiwiri chinayamba ndi nyimbo ina! Anayang'ana wotchi. Anatembenuka kundifunafuna, ine ndinabisala. Anakodola woonetsa mipando n'kumulozera chikwamacho. Mtima wanga unagunda mpaka ndinayamba kuwafunadi mankhwalawo. Munthuyo anamvetsera, kenako anapukusa mutu n'kubwerera. Zosunga mankhwala a mwini wake ndani amazifuna?

Kenako anafika malo amene ndinkadikira mufilimumo. Apolisi abweretsera Ketaki malaya a mwamuna wake amene apezeka pagombe. Ketaki salira. Atembenuza malayawo, ayang'ana batani limene anasoka ndi ulusi wa mtundu wina, awapinda bwinobwino, n'kupitiriza kugawira ana mpunga. Supuni yokha ndi imene ikunjenjemera. M'holo monse, ngakhale anyamata oimba malikhweru, munali zii. Ine ndinamubereka, koma nkhope imeneyo ndinali ndisanaionepo.

Bambo Sodhi sanayang'anenso wotchi. Kumapeto kunabwera ndewu ya amuna owuluka m'mwamba, imene sindikudziwa inachokera kuti, koma anakhalabe.

Magetsi atayaka ndinapita, Ketaki ali pambuyo panga.

"Amayi, chimbudzi chanu chili kutali ku Pune?" anandifunsa, akundipatsa chikwama. Ataona Ketaki akuchotsa mpango, anayang'ana iye, anayang'ana ine. "Ndamva. Mankhwalawo alimo n'komwe?"

"Alimo. Ine sindinama kawiri pa tsiku."

Ketaki anafuna kuwagwira mapazi powalemekeza, iwo anamuletsa.

"Filimuyi ndi chisokonezo," anatero. "Theka lake n'lofunika kuwotcha. Koma za malaya zija, anakuuza ndani kuti usalire?"

"Anandiuza kuti ndilire, bwana. Ndinakana."

"Ubwere ku ofesi Lolemba. Pali ena awiri amene ndikuwaona, sindikulonjeza kanthu."

Ketaki anagwedeza mutu. Lolemba linali kutali, ndipo apongozi ake anali oti aimba foni Lachisanu lomwelo.

Bambowo atayamba kupita ndinawagwira mkono.

"Mwananga, kunyoza filimu ya mnzako n'kosavuta, wokolopa uja wanyozanso. Iwe upange yabwino kuposa iyi. Mkazi amene umusankheyo, kaya ndi wangayu kaya wina, umupatse nkhani yoima yokha kuyambira pachiyambi, usamusiye akunyamula filimu yonse pamutu pamene ena akuvina pamvula."